Lipoti la nkhani: madzi a m'dzenje la sayileji amene analowa mumsewu ndi m'kamtsinje ku Dedza

Nkhaniyi ndi ya mlimi wina wa ng'ombe za mkaka wa kudera la Linthipe, m'boma la Dedza, amene dzenje lake la sayileji (udzu wauwisi wodulidwa, wothinitsidwa n'kukwiriridwa kuti usase, wosungira ng'ombe) linkachucha madzi. Madziwo ankatsikira mu ngalande ya msewu wafumbi, n'kuwoloka msewuwo, n'kukathera m'kamtsinje kamene anthu amathirira madimba. Ndinaigwira monga wa zaukhondo ndi zaumoyo m'deralo, pamodzi ndi mlangizi wa ziweto ndi amfumu a mudziwo. Mayina a anthu ndi a mudzi ndawasiya dala. Ndailemba chifukwa maenje otere akuchuluka m'midzi imene muli magulu a alimi a mkaka, ndipo anzanga a ntchito akhala akufunsa kuti mlandu wa mtundu umenewu timaugwira ndi lamulo liti.

Dandaulo

Linabwera mwezi wa Malichi, mvula ikadali ndi mphamvu, ndipo linabwera pawiri. Amayi a m'madimba anauza mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo kuti madzi a m'kamtsinje ada ndipo akununkha, komanso kuti chitsime chosazama cha m'mphepete mwa dambo chayamba kuwawasa. A kabaza nawo anapita kwa amfumu kukanena kuti pali malo pamsewu pamene sipakuuma ngakhale dzuwa liwale tsiku lonse, ndipo mnzawo wina anaterereka pamenepo ndi njinga yamoto atanyamula zigubu za mkaka. Iye anangosupuka, koma mkaka unatayika. Anthu ambiri ankati pali chimbudzi chimene chagumuka. Sanali kulakwa kuganiza choncho, pakuti nyengo imeneyo zimbudzi zimagwadi, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 anali asanachoke m'mitima.

Zimene tinapeza

Tinayambira kumunsi n'kumakwera. Pamiyala ya m'kamtsinje panali ndere zotuwa, zoterera, zonga ulusi, ndipo m'malo oima madzi munali ambululu ndi nkhanu zakufa. Kumtunda kwa pamene ngalande ya msewu imathira, madzi anali oyera ndipo nkhanu zinali zamoyo. Apo m'pamene tinadziwira kuti choipa chikulowera pa ngalandepo. Fungo lake silinali la chimbudzi, linali lowawasa ngati masese a mowa ogonera. Kalavati wa pamalopo anali atatsekeka ndi mchenga ndi mapesi, n'chifukwa chake madziwo ankasefukira pamwamba pa msewu. Udzu wa m'mbali mwa ngalande unali utapserera mzere umodzi wokwera mtunda, ndipo mzerewo ndi umene unatifikitsa kuseri kwa khola la mlimiyo.

Dzenjelo analikumba pamalo otsetsereka, mapazi ochepa kuchokera pa ngalande. Pansi anayala pulasitiki yakuda, koma inali yolumikizalumikiza ndipo inang'ambika pothinitsa udzu. Kumtunda kwa dzenje kunalibe kangalande kopatutsa madzi a mvula, kotero madzi onse ochokera pabwalo ndi padenga la khola ankathera m'menemo. Ataona kuti dzenje ladzaza madzi, mlimiyo anaboola mbali ya kumunsi n'kukumba kamsewu ka madzi kolunjika ku ngalande ya msewu. Kamsewu kameneka ndi kamene kanasandutsa vuto la pakhomo kukhala mlandu wa mudzi. Kapepala koyezera asidi kanasonyeza pH ya pafupi ndi 4 pakamwa pa dzenjelo, kutanthauza kuti madziwo anali ndi asidi wambiri.

M'dzenjemo anaikamo nsenjere zanthete zosakaniza ndi chimanga chachiwisi, zodulidwa kukugwa mvula n'kukwiriridwa tsiku lomwelo. Udzu wotere ndi madzi okhaokha. Ukathinitsidwa n'kuyamba kusasa, timadzi ta m'kati mwake timatuluka, ndipo tani imodzi ya udzu wonyowa kwambiri ingatulutse malita opitirira 100, ambiri mwa iwo m'masabata awiri oyamba. Udzu umene wafota mpaka gawo lake louma kufika 30 pa 100 alionse sutulutsa madzi oti n'kuwanena.

Chimene anthu ambiri sachikhulupirira n'choti madzi amenewa amawononga mtsinje kuposa zonyansa za m'chimbudzi. Alibe poizoni. Ali ndi shuga ndi zakudya zina zambiri, ndipo akalowa mumtsinje tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana msanga powadya, n'kumaliza mpweya wa okosijeni umene nsomba, nkhanu ndi ambululu zimapuma. Muyezo wa zimenezi umatchedwa BOD, ndipo umasonyeza kuchuluka kwa okosijeni amene tizilomboto timamaliza pa lita imodzi ya madzi oipawo. Zonyansa za m'masuweji zosasefedwa zimakhala pa mamiligalamu 200 mpaka 300 pa lita, pamene madzi a sayileji amafika 30,000 mpaka 80,000. Ndowa imodzi ndi yokwanira kupha kamtsinje koyenda pang'onopang'ono kwa mtunda ndithu. Asidi wake amadyanso simenti ndi zitsulo, choncho kalavati amene akumwa madzi amenewa chaka ndi chaka sakhalitsa. Pa kalavati wa pamsewuwu kunali kukadali msanga kuti tione kudyeka kulikonse, ndipo m'lipoti langa sindinalembe zoti wawonongeka.

Zimene mlimi ananena

Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, koma sanavomere. Ndi bambo wolimbikira, wa ng'ombe zochepa zamakono zodyetsera m'khola, ndipo sayileji ameneyu ndi amene ankadalira kuti mkaka usatsike kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba.

"Bwana, amenewa ndi madzi a udzu," anatero. "Udzu womwewu ng'ombe zanga zikudya. Ndathira mankhwala ine? Malo ndi anga, dzenje ndi langa, mvula si yanga."

Anawonjeza kuti kupanga sayileji anachita kuphunzitsidwa, sanakutole m'mutu. Zimenezo n'zoona, ndipo mlangizi wa ziweto anavomereza kuti maphunziro ambiri amatsindika kudula, kuthinitsa ndi kutseka mpweya, koma za kumene madzi apite zimangodutsidwa. Amfumu anamvetsera mpaka atatha, kenaka anati: "Achimwene, madzi saiwala khwawa. Munakumba pamtunda, mumati akwera phiri?" Anthu anaseka, mlimiyo sanaseke.

Malamulo amene tinali nawo

Palibe mwa malamulo amene timagwiritsa ntchito limene limatchula sayileji ndi dzina. Mlimiyo anali atamva kale zimenezi ndipo ankaziona ngati chishango chake. Koma malamulowa safunsa kuti chatuluka pakhomo pako n'chiyani, amafunsa kuti chachita chiyani kumene chafika.

Limene linali m'manja mwanga ndi lamulo la zaumoyo, Public Health Act, la 1948. Ndi lokalamba, komabe gawo lake la zinthu zosowetsa anthu mtendere ndi kuika moyo pachiswe likadali lakuthwa. Pa mndandanda wa zinthuzo pali madzi oipa kapena onunkha otuluka pamalo a munthu n'kulowa mumsewu wa anthu onse, mu ngalande ya msewu kapena m'khwawa. Njira yake ndi yachidule. Khonsolo kapena wa zaumoyo amapereka kalata kwa mwini wa vutolo yonena zimene achite ndi nthawi yoti akhale atamaliza, ndipo akapanda kumvera nkhani imapita kwa majisitireti, amene angalamule kuti vutolo lichotsedwe. Ubwino wa lamuloli ndi woti silifuna kuti ndidikire zotsatira za ku labotale. Chimene maso aona ndi mphuno yamva, pamaso pa mboni, chimakwanira kuyambira. Chindapusa chake si choopsa. Chimene chimagwedeza munthu wa kumudzi ndi kalata yodindidwa ndi ganizo loti akaima pakhoti ku boma.

Lamulo la madzi, Water Resources Act, la 2013, ndilo likulunjika pa mtsinje weniweniwo. Limaika madzi onse a m'dziko muno m'manja mwa boma, kutanthauza kuti kamtsinje kodutsa m'munda mwako si kako, ndipo limaletsa kutayira madzi oipa mumtsinje, m'dambo kapena m'madzi a pansi popanda chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority. Mlimiyo atamva za chilolezo anafunsa kuti n'zingati. Ndinamufotokozera kuti chilolezocho chimabwera ndi malire a kuipa kwa madzi amene ungataye, motsatira miyezo ya Malawi Bureau of Standards, ndipo madzi a sayileji osasefedwa ali kutali kwambiri ndi malire amenewo. Kwa mlimi wa ng'ombe zochepa tanthauzo lake ndi limodzi: dontho lisafike kumtsinje. Tinadziwitsa ofesi ya za madzi ya paboma, ndipo tinagwirizana kuti njira ya lamuloli tiisunge, tidzaitenge ngati kalata ya zaumoyo italephera.

Lamulo la zachilengedwe, Environment Management Act, la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi opatsa thanzi, limalola munthu kukasuma pofuna kuteteza ufuluwo, ndipo limaimika mfundo yoti wowononga ndiye alipire kukonza. Mfundo imeneyi tinaigwiritsa ntchito kwambiri pabwalo la amfumu, ngakhale sitinapemphe chilamulo cha MEPA. Kuyendetsa mapepala mpaka ku Lilongwe chifukwa cha dzenje limodzi limene likhala litasiya kuchucha pakutha pa mwezi sindinakuone kwanzeru. Likanakhala famu ya ng'ombe zambiri ndi maenje a simenti, ndikanayambira kumeneko.

Za msewu n'zachidule. Uwu ndi wafumbi, wa m'manja mwa khonsolo. Ukanakhala M1, nkhani ikanakhudza Roads Authority, ndipo dzenjelo likanapezeka m'kati mwa mamita 30 ochokera pakati pa msewu amene ndi malo a msewu. Ngalande ya msewu ndi ya madzi a mvula, si ya munthu kuthiramo za pakhomo pake. M'malamulo a milandu ya upandu mulinso mlandu wodetsa dala madzi a pachitsime kapena kasupe wa anthu onse, koma sindinaone zoti bamboyu anali ndi cholinga chimenecho, ndipo kuitana apolisi kukanangogawa mudzi.

Zimene tinachita

Chitsime tinachitseka tsiku lomwelo ndipo mabanja amene amatunga pamenepo tinawauza kuti apite kumjigo, ngakhale uli patali. Amayi ena anapempha kulorini kuti azingothira. Ndinakana, chifukwa m'madzi odzaza zowolerana zotere kulorini amathera pa zowoleranazo asanaphe tizilombo, ndipo munthu amamwa ali ndi chikhulupiriro chabodza.

Kalata yochenjeza ndinaipereka pamaso pa amfumu ndi wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Sinalamule kuti dzenje lifukulidwe, ngakhale anthu ena ankafuna zimenezo. Kulitsegula kukanalowetsa mpweya, chakudya chonse chikanawola, ndipo tikanatsala ndi mulu wonunkha pafupi ndi ngalande yomweyo, mvula ikugwa. Inalamula kuti kamsewu ka madzi kaja kakwiriridwe, kumtunda kwa dzenje kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi a mvula, ndipo pamwamba pa dzenje pawunjikidwe dothi lotsetsereka kuti madzi asaime. Kumunsi kwake anakumba kadzenje n'kuikamo mgolo wapulasitiki wa malita 200 wolandira madzi ochucha. Wachitsulo tinaukana chifukwa asidi akanauboola. Madzi a mumgolo ankawasakaniza ndi madzi abwino muyezo wofanana n'kukawamwaza mochepa m'munda wake wa nsenjere, kutali ndi dambo, tsiku lopanda mvula. Akathiridwa choncho amasanduka chakudya cha mbewu. Osasungunula amatentha masamba.

Apa pali chenjezo limene mlangizi wa ziweto analibwereza kangapo. Mlimiyo ankafuna kuthira madziwo m'dzenje la ndowe ndi mkodzo wa m'khola kuti asavutike. Madzi a sayileji akakumana ndi ndowe zamadzimadzi amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha mazira owola, umene pamalo otsekeka ungakomole kapena kupha munthu ndi ng'ombe m'kanthawi kochepa. Dzenje la ndowelo linali mbali ya khola pamene mwana wake amakama.

Mu ngalande ya msewu anathiramo utuchi, umene ku Dedza susowa chifukwa cha ocheka matabwa a paini, ndipo utamwa madziwo anaukokolola n'kukauika pa mulu wa manyowa. Kalavati anamutsegula anyamata a m'mudzi pa tsiku la chitukuko. Amfumu anaweruza kuti mlimiyo asasenzetsedwe ntchito imeneyo yekha, pakuti mchenga wotseka kalavati unachokera m'minda ya anthu ambiri olima mpaka m'mphepete mwa msewu, ena mwa iwo ali m'gulu la odandaula. Ndinagwirizana nawo.

Pabwalo la amfumu

Apa m'pamene panatentha. Wa kabaza anafuna mtengo wa mkaka umene unatayika, ndipo panalibe mkangano, mlimiyo analipira. Eni madimba anafuna chipukutamisozi cha nazale za tomato ndi kabichi zimene zinafa, ndipo ankayembekeza kuti ine ndiikira umboni.

"A zaumoyo, munaona nokha madzi aja," anatero mayi wina wachikulire. "Mbande zanga zinafa nditathirira madzi omwewo. Nenani pano."

Ndinanena zimene ndinaona: madzi anali oipa, ndipo madzi otere angathe kutentha mbande. Koma ndinanenanso kuti m'madimba a kumtunda, kumene madziwo sanafike, ndinapeza nazale zina zitafa ndi matenda owoletsa tsinde amene amabwera ndi chinyezi cha Malichi. Kusiyanitsa mbande yophedwa ndi asidi ndi yophedwa ndi matenda patapita masabata n'kosatheka ndi maso okha. Amayiwo sanakondwe nane. Ndinawakumbutsanso kuti kalata yanga ili ndi mphamvu yoletsa vuto, osati yogamula ndalama. Ndalama zimagamulidwa ndi khoti, kapena anthu amagwirizana okha. Anasankha kugwirizana. Mlimiyo anavomera kugula mbewu yoti amene ali kumunsi kwa ngalande afesenso, kukapa chitsime mpaka madzi ayere, ndi kupereka njerwa ndi simenti zomangira khoma ndi chivundikiro chake. Kwa ine ichi chinali chabwino kuposa ndalama, chifukwa chitsimecho chinali chapululu kuyambira kale ndipo chinkamwa madzi alionse othamanga.

Pambuyo pake

Kuchucha kunachepa msanga atatseka njira ya madzi a mvula, ndipo pofika kumapeto kwa Epulo mgolo unali wouma. Ndere zotuwa zija zinatha m'kamtsinje. Chitsime tinachitsegula titachikapa, kuchithira kulorini ndi kuyeza madzi ake. Nkhani sinafike kukhoti.

Dzenje litatsegulidwa nyengo yozizira, gawo la pansi linali lakuda, lonunkha, ndipo ng'ombe zinalikana. Apa mpamene mlangizi wa ziweto anapezera mpata. Anamuonetsa kuti madzi amene ankathamangira kumsewu aja anali shuga ndi zomanga thupi zimene zikanakhala mkaka. Anamuphunzitsa kudula nsenjere zitakhwimako pang'ono, tsiku la dzuwa, n'kuziyanika zifote asanazidule tizidutswa. Anamuphunzitsanso kufinya dzanja limodzi la udzu wodulidwa: madzi akadontha pakati pa zala, usakwiriridwe. Chimanga chidikire mpaka njere zitayamba kulimba, ndipo madeya owazidwa m'mizeremizere amamwa chinyezi chotsala. Ena amanena kuti mlimi akangoona kutaya kwake amasintha yekha popanda lamulo. Pankhani iyi sizinali choncho. Kutayako anakuona mu Julayi, pamene kamtsinje kanafunika kupulumutsidwa mu Malichi, ndipo chimene chinamukumbitsa ngalande sabata imeneyo chinali kalata.

Chimene chikusowa

Malamulo onse amene ndatchulawa amadzuka madzi atafika kale kumtsinje. Palibe limene likanamuuza bamboyu, asanagwire khasu, kuti apa usakumbe. Ku England anatseka mpata umenewu ndi malamulo apadera a sayileji, ndowe zamadzi ndi mafuta a pafamu, amene anayamba mu 1991 n'kukonzedwanso mu 2010. Kumeneko malo osungira sayileji sayenera kukhala m'kati mwa mamita 10 kuchokera ku mtsinje kapena ngalande yothira mumtsinje, pansi pake payenera kukhala posalowa madzi, ndipo payenera kukhala thanki yolandira madzi ochucha ya malita 20 pa kiyubiki mita iliyonse ya malowo, kwa amene sapitirira makiyubiki mita 1,500. Sayileji wounjikidwa m'munda ayenera kutalikira mamita 50 ku kasupe, chitsime kapena mjigo wa madzi akumwa, ndipo womanga malo atsopano amadziwitsa bungwe la boma loona zachilengedwe la Environment Agency masiku 14 ntchito isanayambe.

Za simenti ndi mathanki sizingatheke kwa mlimi wa ku Linthipe kapena ku Bembeke, ndipo kuzikakamiza kungangoletsa anthu kusunga chakudya cha ng'ombe. Koma mitunda ija ilibe mtengo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalola khonsolo kupanga malamulo ake a m'boma, ndipo ine ndi mlangizi wa ziweto tinalembera komiti ya zachilengedwe ya paboma maganizo athu: dzenje litalikire mamita 10 ku ngalande ya msewu, khwawa kapena dambo, ndi mamita 50 ku chitsime kapena mjigo, likhale ndi ngalande kumtunda ndi mgolo kumunsi, ndipo mlangizi aone malowo lisanakumbidwe. Tinapemphanso kuti magulu a alimi a mkaka aike mfundo zimenezi m'malamulo awo, chifukwa mlimi amaopa kukanizidwa mkaka pamalo osonkhanitsira kuposa chindapusa.

Titakambirana ndi gulu la mlimiyo, za mamita 10, ngalande ndi mgolo anazilandira. Za mamita 50 anazikana. Ambiri malo awo ndi aang'ono, ndipo khola, chitsime ndi nyumba zili pabwalo limodzi, moti akayeza mamita 50 amathera m'munda mwa mnansi. Kwa oterowo tinagwirizana kuti asiye maenje, azisunga sayileji wofota m'matumba okhuthala a pulasitiki kapena m'migolo, pamalo okwera ndi ofoleredwa, kumene thumba likadontha amaliona tsiku lomwelo. Mlimi wa nkhaniyi malo ali nawo, ndipo dzenje latsopano analikumba kumtunda kwa munda wake wa nsenjere, mlangizi atayeza. Lakale analikwirira n'kubzalapo nthochi. A malo aang'ono apempha gulu lawo kuti lizigula matumbawo pamodzi ku Lilongwe n'kumadula mtengo wake pa ndalama za mkaka mwezi ndi mwezi.